Kudya kwa ashefu otchuka pa tchuthi cha Disembala: tiyambire pati?

Nangozo_Randburg

Moni nonse a pano. Apongozi anga akubwera ku Joni kuchokera ku Lilongwe mu Disembala, adzakhala milungu itatu. Tagwirizana ndi bambo a kunyumba kuti tsiku limodzi tikawadyetse kwa shefu wotchuka, aja timawaona pa TV, osati ku shisanyama kwathu kwa masiku onse. Tidzakhala akulu asanu ndi mwana wa zaka 7. Mwina tidzafikanso ku Cape Town masiku anayi. Apongozi aamuna sadya nkhumba, komanso nyama yofiira m'kati saikhudza n'komwe.

Kodi shefuyo amakhalapodi n'kuphika yekha? Kubukitsa tebulo kumayenda bwanji, ndipo tiyambe liti? Nanga tikonze ndalama zingati kuti tisakachite manyazi pamaso pa apongozi bilu ikabwera? Inu amene mumawadziwa malo amenewa, tithandizeni chonde.

Mbewe_Rosebank

Mayi Nangozo, ndiyambe ndi funso loyambalo chifukwa ambiri amakhumudwira pomwepo. Shefu amene dzina lake lili pakhomo kawirikawiri si amene amaotcha nyama yanu. Ntchito yake ndi kulemba menyu, kuyesa zakudya zatsopano, kusankha alimi ndi mabutchala omugulitsa katundu, ndi kuphunzitsa anthu ake. Amene amayendetsa khitchini usiku uliwonse ndi head chef. Pansi pake pali sous chef, kenako ophika a m'zigawo: wina pamoto, wina pa nsomba, wina pa sosi, wina pa zotsekemera. Mbale iliyonse isanatuluke imaima pa pass, kauntala ija imalekanitsa khitchini ndi kodyera, ndipo pamenepo wamkulu amalawa sosi, kukhudza nyama kuti aone ngati yapsa momwe munafunira, ndi kupukuta m'mphepete mwa mbale. Pa pass pakakhala munthu wamaso, chakudya chimakoma chimodzimodzi kaya mwini dzina alipo kaya akujambulitsa pulogalamu ya pa TV. Pakafooka pamenepo, mudzalandira mbale yozizira ngakhale dzina likhale lalikulu chotani.

Ngati mukufunitsitsa kumuona mwini wake, werengani malo amene ali nawo. Wa lesitilanti imodzi yaying'ono amapezeka kawirikawiri. Wa malo anayi kapena asanu m'mizinda iwiri, thupi lake ndi limodzi basi. Palibe cholakwika kufunsa pa foni kuti shefu adzakhalapo tsiku limenelo, koma sangakulonjezeni.

Kuno ku Joni mayina odziwika ndi awa. David Higgs, amene anali woweruza pa mpikisano wophika wa pa TV wa My Kitchen Rules South Africa, anatsegula Marble ku Keyes Art Mile ku Rosebank mu 2016 pamodzi ndi Gary Kyriacou. Zonse kumeneko zimazungulira moto wa nkhuni, ndipo khitchini ili poyera, mumaona malawi ndi ophika muli patebulo. Kwa akuluakulu ochokera kumudzi zimenezi zimathandiza kwambiri, chifukwa nyama yootcha pamoto safunika kuwafotokozera. Anthu omwewo ali ndi Saint ku Sandton, yophika za Chitaliyana, pizza ndi pasta. Wandile Mabaso, mwana wa ku Soweto amene anagwira ntchito m'makhitchini a shefu wotchuka Alain Ducasse ku France, ali ndi Les Créatifs ku Bryanston, komwe amaphika zakudya za kuno ndi luso la Chifalansa, timbale ting'onoting'ono totsatizana. Ku Cape kuli Luke Dale Roberts wa The Pot Luck Club ku Woodstock, ndi Reuben Riffel wa pa MasterChef South Africa amene Reuben's yake ya ku Franschhoek inatsegulidwa mu 2004.

Malo amenewa amatseka ndi kusamuka msanga kuposa momwe anthu amaganizira. The Test Kitchen ya Luke Dale Roberts, imene inatsegulidwa mu 2010 n'kutchuka dziko lonse lapansi, inatseka mu 2021, koma m'nkhani zakale za pa intaneti ikuonekabe ngati ilipo. Maze ya shefu wa ku Britain Gordon Ramsay ku hotela ya One&Only ku Cape Town inatsegulidwa mu 2009, pofika 2010 inali itatha. Jamie's Italian ya Jamie Oliver, wa ku Britain nayenso, inafika ku Melrose Arch mu 2016, lero kulibe. Malo a mayina akunja ngati amenewa nthawi zambiri amakhala mgwirizano wa dzina: kampani ya kuno imalipira kuti igwiritse ntchito dzinalo ndi maresipe, mwini wake ali ku London. Musanawauze apongozi kumene mukupita, tsegulani webusayiti ya lesitilantiyo, muone menyu ya mwezi uno, kenako imbani.

Chinanso, musakopeke ndi mawu akuti Michelin, kampani ya ku France imene imapatsa nyenyezi malesitilanti apamwamba. A Michelin sayendera malesitilanti a ku South Africa. Jan Hendrik van der Westhuizen ndi wa kuno ndithu, ndipo analandiradi nyenyezi mu 2016, koma inali ya lesitilanti yake JAN ya ku Nice ku France. Nyenyezi imakhala ya malowo, shefu sayenda nayo m'thumba. Za kuno zimene mungadalire ndi mphotho za Eat Out.

Nabanda_Midrand

A Mbewe afotokoza bwino za kukhitchini. Ine ndinene za tebulo ndi bilu.

Malo ambiri oterewa amabukitsa kudzera pa webusayiti yobukitsira ya Dineplan kapena pa webusayiti yawo. Mumasankha tsiku, nthawi ndi chiwerengero cha anthu, ndipo mwanayo muwerengereni, ndinu anthu 6 osati 5. Ambiri amafuna dipoziti pa munthu aliyense, yolipira ndi khadi nthawi yomweyo. Ndalamayo imachotsedwa pa bilu tsiku lodyalo, koma werengani malamulo olembedwa pansipa. Mukasintha maganizo mochedwa, mwachitsanzo patatsala maola osakwana 24 kapena 48 malinga ndi malowo, dipoziti imapita. Mukabukitsa anthu 6 n'kufika 4, ya awiriwo imapitanso. Pa bilu onetsetsani kuti dipoziti yachotsedwadi, chifukwa ikalipiridwa ndi dzina lina ndipo tebulo lili pa dzina lina, weta amatha kusaiona.

Za nthawi, Disembala wa ku Joni ali pawiri. Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka cha pa 15, makampani amadzaza malo onse abwino ndi maphwando otsekera chaka, makamaka Lachinayi ndi Lachisanu, masana ndi usiku womwe. Phokoso limakhala lalikulu ndipo khitchini imapanikizika. Likadutsa tchuthi cha pa 16 Disembala anthu amathawira kunyanja ndi kumidzi, tauni imapepuka, matebulo amapezeka. Kungoti malo ena amatseka masiku apakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano, ndipo pa 25 ndi pa 31 amakhala ndi menyu yapadera ya mtengo wokwera. Masiku abwino kwa inu ndi apakati pa 17 ndi 23, Lachiwiri kapena Lachitatu. Lolemba ndi Lamlungu madzulo ena satsegula. Ku Cape Town ndi mosiyana: aliyense amene wathawa kuno ali kumeneko, ndiye malo otchuka bukitsani mu Okutobala kapena tsiku lenilenilo limene atsegule mabuku a Disembala.

Malo otanganidwa amadyetsa anthu kawiri usiku umodzi, cha m'ma 6 koloko ndi cha m'ma 8:30. Mukatenga nthawi yoyamba, tebulo mumalibweza pakatha maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Mukachedwa, amakudikirani mphindi 15 zokha, kenako amatha kupatsa ena. Ife tikanena 6 koloko nthawi zina timatanthauza 7, koma kumeneko sizitheka. Auzeni a kunyumba nthawi yochotsako theka la ola.

Tsopano ndalama. Manambala awa ndi ongoyerekezera kuti muone kawerengedwe, inu ikanipo mitengo ya pa menyu imene mwasankha. Choyambira R160, mbale yaikulu R350, chophatikiza monga mbatata kapena masamba R70, chotsekemera R130. Munthu mmodzi R710, akulu asanu R3 550. Mwana R200. Mabotolo anayi a madzi pa R60 ndi R240. Vinyo mabotolo awiri pa R450 ndi R900. Zoziziritsa kukhosi ndi khofi R300. Zonse pamodzi R5 190. Tipu ya 10% ndi R519, ya 15% ndi pafupifupi R780, ndiye mukonze R6 000. Taonani kuti chakudya cha akulu chinali R3 550 chabe, zina zonsezo ndi zimene anthu amaiwala powerengera kunyumba. VAT ya 15% ili kale m'mitengo ya pa menyu, sawonjezeranso pamapeto.

Tasting menu, timbale ting'onoting'ono totsatizana timene shefu amasankha yekha, ndi nkhani ina. M'malo apamwamba imadutsa R1 500 pa munthu, kwina kupitirira R2 000, musanamwe chilichonse. Pa R1 800, akulu asanu ndi R9 000 chakudya chokha.

Pali misampha ingapo imene imatupitsa bilu. Mukaona zilembo SQ m'malo mwa mtengo, kawirikawiri pa nkhanu, prawns kapena nsomba ya tsikulo, ndiye kuti mtengo umasintha, funsani musanaitanitse. Weta akamatchula pakamwa zapadera za tsikulo, funsaninso mtengo, palibe amene angakudabweni. Nyama zikuluzikulu monga tomahawk ndi wagyu amazigulitsa pa magalamu 100. Mukaona R95 musaganize kuti mwatola. Tomahawk ya 1.2 kg pa mtengo umenewo ndi R1 140, ndipo fupa lalitali lija nalonso lili pasikelo. Akafunsa kuti still kapena sparkling, onsewo ndi madzi a m'botolo olipira, ndipo amangotsegula lina likatha lina. Nenani kuti mukufuna a pampopi mujagi, kapena kuti azikufunsani asanatsegule botolo lina.

Chomaliza ndi tipu yapawiri. Patebulo la anthu 6 kapena 8 kupita m'mwamba, malo ambiri amaika okha tipu pa bilu, imene amailemba kuti service charge. Kenako makina a khadi amafunsanso tipu. Yang'anani mzere wapansi pa bilu musanadine. Ngati palibe, musapereke yochepera 10%, chifukwa maweta ambiri, ena mwa iwo abale athu omwe, malipiro awo enieni ndi tipuyo, ndipo kwina amagawana ndi otumikira mbale ndi a pa bala. Mukafuna kubwera ndi vinyo wanu pali corkage, ndalama imene amalipiritsa pa botolo lililonse, ndipo ena salola n'komwe. Keke ya kunja nayonso amalipiritsa.

Che_Jafali_Mayfair

Achemwali, nkhani ya apongozi aamuna musaitenge mopepuka, ndi imene ingakonze kapena kuononga usiku wonse.

Nkhumba m'malo amenewa sailemba kuti pork nthawi zonse. Imabisala m'mayina: pancetta, guanciale, prosciutto, lardo, chorizo, nduja. Carbonara yeniyeni imaphikidwa ndi guanciale. Nyemba, kabichi ndi mbatata zophatikiza amatha kuzikazinga ndi bacon. Msuzi wa mafupa umene amapangira sosi nthawi zina amaponyamo mapazi a nkhumba kuti ulimbe, ndipo zotsekemera zina monga panna cotta zimagwira ndi gelatine, amene angachokere ku nkhumba. Choncho lembani pobukitsa kuti mlendo mmodzi sadya nkhumba ngakhale mu sosi, imbaninso patatsala masiku awiri, ndipo mukafika muuzeni weta asanatenge oda. Chifukwa chake n'chakuti sosi ndi misuzi amaphika m'mawa kapena dzulo lake mumphika umodzi waukulu. Mukanena nthawi ya 7 usiku, chimene angachite n'kungokuchotserani sosiyo, mbale n'kubwera youma.

Simunanene ngati ndi Asilamu kapena a Seventh Day. Ngati ndi a Seventh Day, onjezani prawns, nkhanu, mussels ndi calamari pa mndandandawo, chifukwa supu zambiri za nsomba amazikometsa ndi zikamba za prawns. Ngati ndi Asilamu, kupewa nkhumba sikokwanira. Malo ambiri a ashefu otchuka amagulitsa mowa, amathira vinyo mu sosi, ndipo alibe setifiketi ya halaal. Mawu akuti halaal friendly si setifiketi, amangotanthauza kuti nyama ina anaigula kwa butchala wa halaal, koma moto ndi mapani ndi omwewo. Setifiketi yeniyeni imachokera ku mabungwe monga SANHA, NIHT kapena MJC ndipo imapachikidwa poonekera. Zikatero afunseni eni ake kuti malire awo ali pati musanalipire dipoziti.

Za nyama yofiira. Ophika amayeza kutentha kwa m'kati mwa nyama: medium rare ndi cha m'ma 55°C, medium cha m'ma 60°C, well done 70°C kupita m'mwamba. Madzi ofiira aja si magazi, magazi amatuluka pozinga, koma patebulo si pophunzitsira apongozi sayansi. Apatseni chimene angadye mokondwa. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuitanitsa fillet ya well done poti ndi yodula ndiye yaulemu. Fillet ili ndi mafuta ochepa kwambiri, ikafika 70°C imauma n'kukhala ngati chikopa, mwalipira zambiri pa nyama yosatafunika. Ngati akufuna steak yopsa bwino, tengani rib-eye, mafuta a m'kati mwake amaisunga yofewa. Koma chabwino koposa ndi nyama yophika pang'onopang'ono maola atatu kapena anayi: mchira wa ng'ombe, nthiti za short rib, kapena mwendo wa nkhosa wa lamb shank. Imapsa mpaka kufupa, ili ndi msuzi wambiri, ndipo m'pamene luso la khitchini limaonekera. Nkhuku yootcha ndi nsomba yonse yootcha pamoto nazonso sizivuta. Dziwaninso kuti steak yokhuthala ya well done imatenga pafupifupi theka la ola, ndipo poti mbale za tebulo limodzi zimatuluka pamodzi, nonse mudikira.

Mawu anayi awa pa menyu amatanthauza chosaphika: tartare, carpaccio, ceviche, sashimi. Musawaitanitsire.

Kunena mosabisa, tasting menu si ya gulu lanuli. Ndi timbale 7 mpaka 10 kapena kuposa, maola atatu muli pampando, ndipo pafupifupi kulikonse lamulo ndi lakuti tebulo lonse lidye menyu yomweyo. Nyama imabwera momwe shefu wafunira, nthawi zambiri yofiira. Malo ena otere salandira ana aang'ono madzulo, ndipo alibe menyu ya ana. Munthu wamkulu wozolowera nsima ya mitanda itatu adzakhala chete mwaulemu, adzathokoza, kenako adzafunsa ngati kunyumba kwatsala ufa. Pitani kumene aliyense amasankha mbale yake. Pa menyu mukaona polenta, ndi phala lolimba la ufa wa chimanga chachikasu lothira batala ndi tchizi, limayenda bwino ndi mchira wa ng'ombe uja.

Phiri_Kempton

Che Jafali, pa za apongozi ndikugwirizana nanu kotheratu, koma tasting menu tisaikwirire yonse. Ngati cholinga ndi kulawa dzanja la shefu, ndi mmene muli maganizo ake. Pa menyu yosankha nokha muli zakudya zimene zimagulitsa, pa tasting menu muli zimene iye akufuna kunena. Mayi Nangozo, gawani pawiri: gulu lonse mukadye nyama ya pamoto kuno ku Joni, ndipo ku Cape Town tsiku limodzi mwana atsale ndi agogo ake, inu awiri mukalawe. Sankhani nkhomaliro osati mgonero, chifukwa malo ambiri masana amakhala ndi menyu yofupikirapo ya mtengo wotsika, khitchini ndi yomweyo, ndipo mapiri ndi minda ya mphesa mumaziona kuli kowala.

Kumeneko kuli La Colombe ku Constantia ndi FYN ya Peter Tempelhoff pakati pa tauni, yophatikiza kaphikidwe ka ku Japan ndi zakudya za kuno. Franschhoek ili pafupifupi ola limodzi pagalimoto. Wolfgat ya Kobus van der Merwe ku Paternoster inasankhidwa kukhala lesitilanti ya chaka pa World Restaurant Awards ku Paris mu 2019. Imalandira anthu pafupifupi 20 okha nthawi imodzi ndipo amaphika zomera za m'mphepete mwa nyanja ndi za m'madzi. Kwa anthu a masiku anayi sindingailimbikitse, ulendo wake ndi wa maola awiri kupita, awiri kubwera, tsiku lonse latha. Amene angathe kudikira, malo a ku Cape amatsitsa mitengo m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chifukwa alendo amachepa.

Za vinyo wophatikiza ndi chakudya, amene amati wine pairing. Matambula amaoneka aang'ono, koma 8 a 90 ml ndi 720 ml, pafupifupi botolo lathunthu la 750 ml munthu mmodzi. Malire a lamulo poyendetsa galimoto ku South Africa ndi 0.05 g pa 100 ml ya magazi, ndipo mumawadutsa musanafike pakati pa menyu. Mu Disembala apolisi amatchinga misewu usiku. Mutha kutenga pairing imodzi n'kugawana awiri ngati malowo alola, kapena kungoitanitsa tambula imodzi. Kuno ku Joni musadalire sitima ya Gautrain pobwerera. Imafika ku Rosebank ndi ku Sandton ndithu, koma imasiya kuyenda mgonero wa 8:30 usanathe. Anthu 6 sakwana m'galimoto wamba ya Uber kapena Bolt, itanitsani yaikulu kapena awiri, ndipo dikirirani m'kati mpaka itafika, osati panja foni ili m'manja.

Zovala, smart casual imakwana: malaya a kolala, nsapato zotseka. Mayi akavala chitenje chosokedwa bwino palibe angawabweze.

Nangozo_Randburg

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Apongozi ndi a Seventh Day, ndiye Lachisanu madzulo ndi Loweruka masana zachoka kale. Titenga Lachiwiri sabata ya Khirisimasi isanafike. Katsala kamodzi: apongozi aamunawo ndi munthu wosafuna kulipiriridwa, adzafuna kutulutsa khadi lawo la ku banki ya kumudzi. Limagwira m'malo amenewa? Komanso ndinamva kuti alendo amabwezeredwa VAT pabwalo la ndege.

Nabanda_Midrand

Khadi la Visa kapena Mastercard la ku Malawi makina amalilandira, vuto limachokera kumudzi. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki amaika malire pa zimene khadi lingalipire kunja kwa dziko, ndipo ena amafuna kuti mwini khadi awadziwitse za ulendo asananyamuke. Bilu ya R6 000 nthawi imodzi ikhoza kukanidwa ngakhale mu akaunti muli makwacha okwanira. Apite ku banki yawo ku Lilongwe akafunse malire ake ndi kutsegulitsa khadilo. Kwacha salandira, ndipo malo ena anasiya kulandira ngakhale ma rand a pamanja, ndi khadi basi.

VAT imabwezedwa pa katundu amene mlendo akutuluka naye m'dziko, wopitirira R250, ataonetsa malisiti ndi katunduyo pabwalo la ndege la OR Tambo. Chakudya chimene mwadya, hotela ndi mayendedwe sizibwezedwa.

Kuti bambo asachite manyazi khadi litakana pamaso pa mkamwini kapena mpongozi, mukangofika mmodzi wa inu apite kwa manijala mwakachetechete, amuuze kuti bilu isabwere patebulo, mudzalipirira pa kauntala nthawi ya zotsekemera. Akaumirirabe kuti aponyepo dzanja, makina amalola kugawa: auzeni weta kuti atenge R500 kapena R1 000 pa khadi la bambo, yotsalayo pa lanu.